Fumbi la m'khola ndi utsi wa m'khitchini: mapapo a mwana sazitenga mofanana

Munaonapo munthu akuyetsemula mosalekeza chifukwa cha mungu wa maluwa, kapena kutuluka ziwengo atangodya mtedza? Vuto limeneli amalitcha allergy. Chitetezo cha m'thupi chimakhala chasokonezeka, n'kuyamba kumenyana ndi chinthu chosaopsa ngati kuti ndi kachilombo koyambitsa matenda. Anthu ambiri odwala mphumu vuto lawo limayambira pamenepa.

Nanga bwanji ena okha? Zakumtundu zilipo ndithu, koma malo amene mwana wakuliramo nawonso ali ndi mbali yake. Mu 1989, David Strachan wa ku London anasanthula mbiri ya ana oposa 17,000 a ku Britain. Anapeza kuti ana amene anabadwa pambuyo pa anzawo ambiri m'banja sankavutika kwenikweni ndi chimfine chobwera ndi mungu.

Kafukufuku amene amandisangalatsa kwambiri ndi wa mu 2016 ku America. Kumeneko kuli magulu awiri a alimi, a Amish ndi a Hutterite. Onse makolo awo anachokera ku Ulaya, amakhala ndi mabanja akuluakulu, ndipo moyo wawo ndi wofanana m'zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti a Amish amalima ndi mahatchi, makola a ng'ombe ali pafupi ndi nyumba, ana amangolowamo. A Hutterite amalima ndi makina, ziweto zili kutali ndi ana. Mwa ana 100 a Amish, pafupifupi 5 anali ndi mphumu. Kwa a Hutterite anali 21! Fumbi la m'nyumba za a Amish linapezeka ndi zotsalira za mabakiteriya zochuluka pafupifupi ka 7. Asayansiwo sanalekere pomwepo. Anatenga fumbi lija n'kulithira m'mphuno za mbewa, ndipo la a Amish linaziteteza ku zizindikiro za mphumu pamene linalo silinathandize. Zikuoneka kuti chitetezo cha khanda chimaphunzira kusiyanitsa mdani ndi chinthu wamba chikamakumana ndi tizilombo tosiyanasiyana tosavulaza.

Wina asapite kunyumba n'kukanena kuti aphunzitsi ati tisiye kusamba m'manja ayi. Tizilombo ta kolera ndi ta m'mimba sitiphunzitsa thupi chilichonse chabwino, timapha ana.

Utsi ndiye nkhani ina, ndipo apa Physics ikulowapo. Nkhuni ndi makala zikamayaka zimatulutsa tinthu ting'onoting'ono totchedwa PM2.5, kutanthauza kuti kukula kwake sikupitirira ma micrometre 2.5. Tsitsi limodzi limanenepa pafupifupi ma micrometre 70, ndiye gawani nokha: tinthu 28 kundandalika m'mimba mwa tsitsi limodzi. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno kapena kugwa pansi msanga chifukwa cha kulemera. Iti timayandama mumpweya kwa maola ambiri, ndipo timalowa mpaka m'timatumba ta mpweya m'mapapo, n'kumatupitsa njira zopumira. Zimenezi zimawonjezera chiopsezo cha chibayo, komanso zimadzutsa mphumu.

Khanda limapuma ka 30 mpaka ka 60 pa mphindi, pamene wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20, ndipo njira zake zopumira n'zopapatiza. Tsono talingalirani mwana ali kumbuyo kwa mayi ake m'khitchini yopanda zenera, nkhuni zake zaziwisi. Tiyerekeze kuti akupuma ka 40 pa mphindi, ndipo nyemba zatenga maola awiri kuti zipse. Wapuma utsi kangati? Werengerani, kenako muchulukitse ndi masiku a chaka chonse.