SATIFIKETI YA YOGA SI LAISENSI YA UDOTOLO

Yoga ndi masewela otambasula thupi ndi kupuma mwadongosolo amene anacokela ku India. Mu 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 June kukhala tsiku la yoga. Mu Lusaka anthu amacita yoga m'majimu ndi m'nyumba. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Kabwata kapena Chelstone amene afuna nchito yophunzitsa yoga ayenela kudziwa tanthauzo la satifiketi asanalipile sukulu iliyonse.

Masukulu ambili amatsatila bungwe la Yoga Alliance la ku America, limene linayamba mu 1999. Bungweli siliphunzitsa munthu. Nchito yake ndi kulemba m'kaundula maina a masukulu ndi aphunzitsi. Satifiketi imacokela ku sukulu komweko. Magawo ake ali motele:

1. RYT 200: munthu waphunzila maola 200. Apa ndiye poyambila.

2. RYT 500: waphunzila maola 500, kapena 200 ndi ena 300, ndipo waphunzitsapo maola 100.

3. E-RYT 200: waphunzitsa zaka 2 ndi maola 1,000.

4. E-RYT 500: waphunzitsa zaka 4 ndi maola 2,000.

5. RPYT: wawonjezela maola 85 a kaphunzitsidwe ka amai apakati.

Ku India kuli njila ina. Boma lili ndi bungwe la Yoga Certification Board limene limalembetsa mayeso, kuyambila gawo la Yoga Protocol Instructor mpaka la Yoga Master.

Manambala amenewa amawelenga maola cabe. Maola 200 atha kutha m'mwezi umodzi. Koma clinical officer amaphunzila zaka 3, monganso wa diploma ya physiotherapy pa Evelyn Hone College, ndipo asanagwile wodwala amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia. Satifiketi ya yoga silowa m'malo mwa zimenezi. Siipatsa munthu mphamvu yopima matenda kapena yoletsa mankhwala.

Posankha sukulu, wophunzila afunse mafunso awa. Kodi dzina la sukuluyo lipezeka m'kaundula wa bungwe limene ikuchula? Kaundula wa Yoga Alliance uli pa intaneti, ndipo aliyense angayang'ane pa foni. Kodi mphunzitsi wamkulu ndani, ndipo waphunzitsa zaka zingati? Kodi ndi maola angati ophunzila mafupa, minofu ndi kayendedwe ka magazi? Kodi wophunzila adzayesa kuphunzitsa anthu pamaso pa mphunzitsi womuwongolela? Funso limeneli ndi lofunika kwambili ngati kosiyo ndi ya pa intaneti. Pomaliza afunse mtengo wonse, aone pangano lolembedwa, ndipo atenge lisiti. Sukulu yolonjeza satifiketi m'masiku awili kapena atatu ndi yofunika kuithawa.

Kusamala kotele kumateteza miyoyo ya anthu. Ambili opita ku yoga amakhala ndi vuto kale: msana, BP, shuga kapena kusowa tulo. Yoga yocita bwino imathandiza kucepetsa ululu wa msana ndi nkhawa. Koma kuimilila ndi mutu kumakweza mphamvu ya madzi a m'diso, ndipo n'koopsa kwa wodwala matenda a maso ochedwa glaucoma. Sikuyenelanso munthu wa BP yokwela kapena wovulala khosi. Mai wapakati sayenela kugonela mimba kapena kupotokola thupi mwamphamvu. Nkhalamba za mafupa ofooka zingathyoke msana zikapindidwa mokakamiza.

Mphunzitsi wophunzila bwino amayamba wafunsa za umoyo wa munthu aliyense watsopano. Wina akamva kuwawa pacifuwa, cizungulile kapena dzanzi m'miyendo, amaimitsa masewelawo n'kumutumiza ku kiliniki yapafupi, kumene angamutumizenso ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Mphunzitsi wouza wodwala kuti aleke mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV aika moyo wa munthuyo pangozi, ngakhale akhale ndi maola 500.

Conco wofuna kukhala mphunzitsi wa yoga afufuze sukulu asanatulutse ndalama, ndipo wodwala ayambe waonana ndi a cipatala asanayambe masewelawa. Akulu anati safunsa anadya phula.