Mtengo wa pakompyuta nawonso umafuna kudulira

Kalata ya sabata ino yachokera ku Bowe, m'boma la Dowa. Mayi wina amene amasunga mabuku a gulu la alimi akuti anagwiritsa ntchito mtengo wa pakompyuta wotchedwa decision tree kuti adziwiretu amene angabweze ngongole ya feteleza. Pa alimi a chaka chatha, mtengowo sunaphonye ndi mmodzi yemwe. Atauyesa pa a chaka chino, unangoti balala. Akufunsa kuti walakwitsa pati.

Achemwali, mtengo wanuwo unangoloweza anthu pamtima ngati mwana woloweza mayankho a mayeso akale. Paja decision tree imagawa anthu ndi mafunso: kodi munda ukuposa maekala awiri? Analima soya kapena fodya? Funso lililonse limabala nthambi ziwiri. Mu pulogalamu ya scikit-learn, mukapanda kusintha kanthu, max_depth (kuchuluka kwa mafunso otsatizana) ilibe malire ndipo min_samples_leaf (anthu ochepetsetsa ololedwa pa tsamba limodzi) ndi 1. Ndiye mtengo umangogawabe mpaka tsamba lina litatsala ndi mlimi mmodzi yekha. Pamenepo umapanga lamulo lakuti wa mbuzi zitatu, wodzala mochedwa, wa munda wa pamtsetse sabweza, chonsecho bambo ameneyo analephera chifukwa mwana anagonekedwa m'chipatala nthawi yopalira.

Inu a ku Bowe mukudziwa kuti fodya akasiyidwa ndi nsonga ndi mphukira zake zonse, masamba amatuluka opyapyala. Kunonso n'chimodzimodzi.

Yambani ndi min_samples_leaf. Ine ndimaikonda kuposa zonse chifukwa imamveka kwa aliyense: palibe lamulo lotuluka pa anthu ochepera chiwerengero chakuti. Ngati muli ndi alimi 600, yesani 20, kenako 30. Mukatero chepetsani max_depth. Mtengo wa mafunso anayi otsatizana suposa masamba 16, koma wa mafunso khumi ungafike masamba 1,024, kuposa alimi anu onse. Palinso ccp_alpha, imene imalola mtengo kukula kenako n'kudula nthambi zosapindulitsa. Njirayi inachokera m'buku la 1984 la Leo Breiman ndi anzake atatu. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ina ya rpart mu R zinawayendera pang'ono, chifukwa kumeneko minsplit (anthu ochepetsetsa oti nthambi igawidwe) imayambira pa 20 ndipo cp (yodulira nthambi ngati ccp_alpha) pa 0.01.

Koma nkhani yagona pa kayesedwe. Musasankhe manambalawa poyang'ana alimi omwe mtengo unaphunzirirapo. Patulani ena, ndipo powapatula tengani kalabu yathunthu. Anthu a kalabu imodzi mvula yawo ndi imodzi, mlangizi ndi mmodzi, amagulitsa kwa mavenda omwewo. Mukawamwaza uku ndi uku, mtengo umaonera mayankho, inu n'kumasangalala pachabe. Ngati mabuku anu ali ndi zaka zingapo, uphunzitseni ndi zaka zoyamba, muuyese pa chaka chomaliza, popeza chaka cha ng'amba sichifanana ndi cha mvula yabwino.

Musadandaule mukaona kuti mtengo wodulirawo ukuphonya ena mwa alimi akale. Umenewo ndiwo ukunena zoona.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kuseri kwa tsamba lililonse kuli banja limene lingamanidwe thumba la feteleza, n'kugona ndi njala mu Febuluwale. Choncho lembani tsiku ndi manambala onse amene mwayesa, kuti bwana akafunsa muyankhe ndi pepala m'manja. Kenako sindikizani mtengowo pa pepala limodzi, mupite nawo ku komiti ndi kwa alangizi a zaulimi. Nthambi imene tcheyamani wa kalabu sangaimvetse mutaifotokoza m'Chichewa, iduleni musanamane munthu ngongole.