MABOKOSI A MWAYI M'MASEWERA A ANA: KODI BOMA LILOWEREREPO?

Kale juga inali ndi malo ake odziwika. Amuna ankabisala kuseri kwa msika ndi makadi awo, ndipo mwana akayandikira ankamupirikitsa. Masiku ano juga ikulowa m'nyumba dzuwa likuswa mtengo, ili m'manja mwa mwana wa sukulu, koma makolo ambiri sakuizindikira chifukwa yabisala m'kati mwa masewera a pa foni. Phunziro la mwezi uno likulongosola za chinthu chimodzi chotere, chimene pa Chingerezi chimatchedwa loot box, ndiye kuti bokosi la mwayi.

Kodi bokosi la mwayi nchiyani?

Masewera ambiri a pa foni ndi pa kompyuta, amene ana amawatcha magemu, munthu amayamba kusewera osalipira kanthu. Akazolowera, masewerawo amamuonetsa bokosi, thumba kapena gudumu lozungulira, ndi kumuuza kuti alipire kuti aone zimene zili m'katimo. Bokosilo si logwirika ndi manja, ndi chithunzi chabe. M'kati mwake mungakhale mfuti yokongola, chovala cha msilikali wa m'masewerawo, kapena katswiri wa mpira woti alowe m'timu ya mwanayo. Wogula amapereka ndalama asanadziwe chimene adzalandira. Makina ndiwo amasankha, ndipo kawirikawiri chimene chimatuluka ndi chinthu wamba chimene mwanayo sanachifune.

Mabokosi otere akupezeka m'masewera odziwika monga PUBG Mobile, Free Fire ndi masewera a mpira a FIFA, amene kuyambira 2023 akutchedwa EA Sports FC.

Nkofunika kusiyanitsa zinthu. Mwana amene walipira pa nyumba ya magemu ku Limbe kapena ku Ndirande kuti asewere mpira wa pa kanema kwa mphindi zingapo wagula chinthu chodziwika, monga amene wagula chitumbuwa. Koma amene walipira kuti atsegule bokosi wagula mwayi, ndipo kugula mwayi ndiko kutchova juga.

Kuchokera ku Sunnyside kufika kumudzi

Wina angaganize kuti nkhani imeneyi ndi ya ana a m'tauni okha. Ndi zoona kuti vutoli limayamba kuonekera m'madera monga Sunnyside, pafupi ndi pakati pa mzinda wa Blantyre, kumene nyumba zambiri zili ndi intaneti ndipo makolo ali ndi makadi a ku banki. Kumeneko mwana akangodziwa manambala a khadi la bambo wake atha kugula mabokosi usiku wonse ali kuchipinda, makolo nkudzazindikira ndalama zitapita.

Koma foni yomweyo imakwera minibasi. Mwana wa kumudzi amapita kutchuthi kwa amalume ake ku Chilomoni, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, nkubwerako ataphunzira masewerawo. Mbale amene ali ku Joni amatumiza foni yamakono kwa mayi wake, ndipo amene amaigwira tsiku lonse ndi mdzukulu. Amene alibe khadi la ku banki atha kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kwa munthu wina amene amamugulira ndalama za m'masewerazo. Motero ndalama za feteleza kapena za fizi zitha kutuluka m'nyumba ya kumudzi popanda wothyola chitseko.

Masamu a thumba la nyemba

Njira yapafupi yomvetsera bokosi la mwayi ndi iyi. Munthu atenge thumba, aikemo nyemba zofiira 99 ndi yoyera imodzi. Mwana apise dzanja osayang'ana, atulutse nyemba imodzi, kenaka aibwezeremo ndi kukhutchumula thumbalo. Mphoto ili pa nyemba yoyera, ndipo kupisa kulikonse nkolipira.

Mwana amaganiza kuti akapisa maulendo 100 sangalephere kuipeza. Masamu akukana zimenezo. Popeza nyemba imabwezeredwa, ulendo uliwonse umayambira pachiyambi, ndipo thumba silikumbukira kuti mwanayo wataya kale ndalama zingati. Ana 100 atati apise maulendo 100 aliyense, pafupifupi 37 mwa iwo adzabwerera chimanjamanja. Kupisa kumodzi kukakhala kwa K1,000, aliyense wa ana amenewo wataya K100,000 osaiona nyemba yoyera. M'masewera ena mwayi wopeza chinthu chapamwamba ndi wochepa kuposa pamenepa.

Chifukwa chake mwana sasiya

Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, adayesa nkhunda m'zaka za m'ma 1950. Adaona kuti nkhunda imene imalandira chakudya mwa apo ndi apo, osadziwa kuti chidzatuluka liti, imajompha kabatani mosalekeza kuposa imene imalandira nthawi iliyonse. Mayi aliyense woweta nkhuku adaziona zimenezi: nkhuku imene yapezapo njere imodzi pa dzala imafukula pomwepo mpaka dzuwa kulowa.

Ubongo wa munthu umachitanso chimodzimodzi. Pamene munthu akudikira mphoto yosadziwika, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa dopamine timene timamuchititsa kufuna kuyesanso. Opanga masewera amaonjezerapo nyimbo, kuwala ndi kugwedezeka kwa bokosi lisanatseguke. Amasinthanso ndalama zenizeni kukhala madayamondi kapena makobidi a m'masewera, kotero kuti mwana saonanso kuti akuononga makwacha. Mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudziletsa imakhwima mochedwa, munthu atapitirira zaka 20. Nchifukwa chake nyambo imeneyi imakola ana msanga kuposa akuluakulu. Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi imeneyi ndi nkhani ya zaumoyo?

Inde. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, WHO, limawerenga chizolowezi cha juga ngati matenda. Mu 2019 maiko adavomereza buku latsopano la mayina a matenda, limene lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, ndipo m'bukumo mudalowanso matenda a kusewera magemu mosadziletsa. Si mwana aliyense wosewera amene akudwala. Matendawa amatchulidwa pamene munthu walephera kudziletsa, waika masewera patsogolo pa sukulu, ntchito ndi chakudya, ndipo akupitiriza ngakhale akuona zoipa zake, makamaka zikafika miyezi 12.

Mu 2021 ofufuza a m'mayunivesite a Plymouth ndi Wolverhampton ku Britain adaunika kafukufuku 13, ndipo 12 mwa ameneyo adaonetsa kuti kugula mabokosi a mwayi kumayendera limodzi ndi vuto la juga. Adapezanso kuti theka la ndalama zonse za mabokosiwa limachokera kwa ogula 5 okha mwa 100 alionse. Ndiye kuti phindu lalikulu likuchokera kwa anthu ochepa amene alephera kusiya.

Muno m'Malawi zotsatira za juga pa ana zidalembedwapo kale. M'chaka chomwecho cha 2021 ofufuza za umoyo adafalitsa nkhani ya mnyamata wa zaka 16 wa kumudzi amene adadzipha atataya ndalama pa juga. Ngongole, manyazi ndi mantha zimalemera pa mtima wa mwana kuposa mmene akuluakulu amaganizira.

Zimene maiko ena achita

Dziko la China lidalamula mu 2017 kuti opanga masewera azilemba poyera kuchuluka kwa mwayi wopeza chinthu chilichonse. South Korea idakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu Malichi 2024. Belgium idapita patsogolo: mu Epulo 2018 bungwe lake loona za juga lidagamula kuti mabokosi ogula ndi ndalama ndi juga ndithu, ndipo mu Januwale 2019 kampani ya EA idasiya kugulitsa m'dzikomo ndalama zogulira mabokosi a FIFA. Ku Netherlands bungwe la boma lidalipiritsa kampani yomweyo chindapusa, koma mu Malichi 2022 khothi lalikulu lidafafaniza chindapusacho. Boma la Britain mu 2022 lidasankha kusapanga lamulo, nkupempha makampani kuti adziletse okha. Ku Australia, kuyambira Seputembala 2024, masewera atsopano okhala ndi mabokosi ogula amaikidwa chizindikiro choti si oyenera ana osakwana zaka 15. Mu Januwale 2025 kampani yopanga Genshin Impact idavomera kulipira boma la America madola 20 miliyoni ndi kuleka kugulitsa mabokosi kwa ana osakwana zaka 16 popanda chilolezo cha makolo.

Maganizo a mbali ziwiri

Amene sakufuna kuti boma lilowererepo ali ndi zifukwa zawo. Amati wogula bokosi sabwerako wopanda kanthu, ndiponso zimene wapata si ndalama. Amati ndalama za mabokosi ndizo zimachititsa kuti ana osauka asewere mwaulere, ndipo kulera mwana ndi udindo wa kholo. Amanenanso kuti lamulo lotere nlovuta kulilondoloza. Mfundo yomalizayi ndi yoona: kafukufuku wa mu 2022 adapeza kuti ku Belgium komweko masewera 82 mwa 100 opeza ndalama zambiri pa iPhone anali akugulitsabe mabokosi.

Komabe zifukwa zimenezi sizikukwanira. Kupatsa mwana nyemba yofiira sikusintha kuti iye adalipirira yoyera. Mphoto ngakhale isakhale ndalama, zimene mwana wataya ndi ndalama zenizeni. Ndipo kholo silingalondere chinthu chimene silikuchidziwa, pamene mbali inayo kuli akatswiri olembedwa ntchito kuti mwana asaike foni pansi. Boma limaletsa kugulitsa mowa kwa ana, limayesa masikelo a pa msika, limalamula kuti botolo la mankhwala lilembedwe zimene zili m'kati. Silichita zimenezi chifukwa makolo ndi aulesi ayi, koma chifukwa wogula payekha alibe mphamvu yoyesera zimene akugulitsidwa. Bokosi la mwayi likufunika chitetezo cha mtundu womwewo.

Nanga muno m'Malawi?

Dziko lino lili ndi poyambira. Lamulo la juga la 1996 lidalowedwa m'malo ndi la 2022, limene lidakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, mwachidule MAGLA, lopereka ziphaso kwa makampani a juga ndi a kubetcha. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kutchova juga. Palinso lamulo la 1968 loona za makanema ndi zisangalalo, bungwe la MACRA loona za mafoni ndi intaneti, ndi bungwe la CFTC loteteza ogula. Vuto nlakuti opanga masewerawa ali kutsidya kwa nyanja, ndipo mwana akamagula bokosi palibe womufunsa chitupa cha unzika.

Kuletseratu masewera onse sikungathandize, popeza masewera abwino amasangalatsa ana ndi kunola nzeru. Chofunika ndi malamulo ochepa otheka kuwatsata:

1. Bokosi la mwayi lisagulitsidwe kwa mwana wosakwana zaka 18.
2. Masewera okhala ndi mabokosi aikidwe chizindikiro chooneka bwino kholo lisanavomere.
3. Mwayi wopata ulembedwe m'manambala omveka, ndipo mtengo uoneke m'ndalama zenizeni.
4. Pakhale malire a ndalama zimene munthu angaononge pa mwezi.
5. Zipatala ndi sukulu ziphunzitse za vutoli monga zimaphunzitsira za fodya ndi mowa.

Popeza msika wa Malawi ndi waung'ono, mawu ake adzamveka bwino akalankhulira pamodzi ndi maiko anzake a m'bungwe la SADC.

Zizindikiro zoyenera kuzidziwa

Lamulo limatenga nthawi, koma kholo lili pakhomo lero. Mwana amene wakodwa amaonetsa zina mwa izi:

1. Ndalama zimasowa m'nyumba kapena pa foni popanda chifukwa chodziwika.
2. Amapempha ndalama za yunitsi pafupipafupi, kapena amakongola kwa anzake.
3. Amabisa foni munthu wamkulu akafika.
4. Amagona mochedwa, amawodzera m'kalasi, ndipo malikisi amatsika.
5. Amapsa mtima kwambiri akalandidwa foni.
6. Amakhala ndwii, osafuna kudya kapena kucheza ndi anzake.

Zoyenera kuchita makolo

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba kapena khadi la ku banki isaperekedwe kwa mwana. Mauthenga osonyeza ndalama zotuluka aziwerengedwa. Amene satha kuwerenga apemphe munthu wamkulu wokhulupirika. Foni izigona kuchipinda kwa makolo. Kholo lizikhala pansi ndi mwana kuti amuonetse masewera ake, ndi kumufunsa mofatsa ngati muli zogula. Kuchita naye masewera a thumba la nyemba kumaphunzitsa kuposa chikwapu.

Ngati mwana wataya kale ndalama, asamenyedwe kapena kuchititsidwa manyazi pagulu, chifukwa mwana wamantha amabisa zambiri. Mwana amene wayamba kunena kuti kuli bwino kufa asasiyidwe yekha. Atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo. Alangizi a zaumoyo ndi anamwino a pa chipatala chaching'ono atha kumutumiza kwa odziwa za matenda a maganizo pa chipatala cha boma, pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo imathandiza ana amene ali pa mavuto.

Kuongola mtengo mpoyamba. Mwana amene waphunzira ali ndi zaka 12 kuti ndalama zimaponyedwa pa mwayi sadzavutika kulowa m'nyumba ya kubetcha akadzakwana zaka 18.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi kulipira nthawi yosewera kumasiyana bwanji ndi kugula bokosi la mwayi?
2. Nchifukwa chiyani mwana amene wapisa m'thumba maulendo 100 angalepherebe kupeza nyemba yoyera?
3. Kodi mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a zaumoyo a m'mudzi angachitepo chiyani lamulo lisanabwere?