Njira Zachidule Popanga Pulogalamu ya Pafoni

Mapulogalamu a m'foni amapangidwa ndi anthu ngati ife tomwe. Inunso mukhoza kuphunzira kupanga yanu.

Chida chabwino kwa oyamba kumene ndi MIT App Inventor. Kampani ya Google ndiyo inayambitsa chida chimenechi m'chaka cha 2010. Tsopano chili m'manja mwa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. Ndi chaulere. Pafunika kompyuta, intaneti ndi foni yamakono.

Chidachi chili ndi mbali ziwiri. Ku Designer mumayala mabatani ndi mabokosi olembamo. Ku Blocks mumalumikiza tizidutswa ta malamulo monga mmisiri amasanjira njerwa.

Tiyerekeze kuti mukufuna pulogalamu yowerengera ndalama za mtedza wanu. Tsatirani izi:

1. Yambani ndi zochepa. Ikani bokosi la makilogalamu, bokosi la mtengo, batani limodzi ndi malo a yankho. Basi. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

2. Chilichonse chikhale ndi dzina. Batani limabwera ndi dzina loti Button1. Dinani Rename, mulitche Werengera. Mabatani akadzachuluka simudzasokonezeka.

3. Yesani pa foni nthawi yomweyo. Ikani MIT AI2 Companion m'foni mwanu. Foni ndi kompyuta zikhale pa WiFi imodzi. Mukasintha kanthu pa kompyuta, pa foni kasinthanso. Yesani ndi samu yomwe mukuidziwa kale. Makilogalamu 10 pa mtengo wa K500 ndi K5,000. Yankho likakhala lina, ndiye kuti penapake palakwika. Konzani msanga. Pulogalamu yolakwa ingakudyetseni ndalama kumsika.

4. Musavutike kumanga chinthu chimodzi kawiri. Lozani kachidutswa, dinani batani la kumanja la mausi, musankhe Duplicate. Kachidutswa kena kofanana katuluka pomwepo. Mukafufuta molakwitsa ku Blocks, dinani Ctrl ndi Z pamodzi. Chofufutidwacho chibwerera.

5. Sungani mbewu. Pulogalamu ikayamba kugwira bwino, pitani pa Projects, musankhe Checkpoint. Kutero mwasunga ina pambali. Mawa mukaononga, mudzayambira pamenepo.

Mafunso
1. Kodi ku Designer timachitako chiyani?
2. Chifukwa chiyani tiyenera kusintha dzina la batani?
3. Makilogalamu 20 pa mtengo wa K500 ndi ndalama zingati?
4. Kambiranani ndi anzanu: ndi pulogalamu yotani ingathandize m'mudzi mwanu?