Phunziro la Kalasi ya Achinyamata: Phindu la Msanga ndi Mabuku Onama

Kuwerenga: Amosi 8:4-7 ndi Miyambo 28:20.

Cholinga: Kuti achinyamata aone m'mene kufulumirira phindu kumabalira bodza, ndiponso kuti bodzalo kawirikawiri limalembedwa ndi dzanja la wantchito wamba.

Aphunzitsi anzanga, yambani ndi Amosi. Ambiri powerenga ndimeyi amangoona miyeso yonyenga. Koma taonani chimene chikutsogola: amalonda aja anali kudandaula kuti tsiku la Sabata likuchedwa kutha, pakuti mitima yao inali ku msika. Changu chinayamba, chinyengo chinatsata pambuyo. Nkhani ili m'munsiyi inachitika ku America, ndipo ikuonetsa ndondomeko yomweyo.

WorldCom inali kampani ya matelefoni ya ku Mississippi, ndipo mkulu wake anali Bernard Ebbers. Inakula pogula makampani ena, kufikira mu 1998 inagula MCI, imene inali yaikulu kuiposa. Eni ake a kampani yotere ndi anthu zikwizikwi amene amagula magawo otchedwa masheya. Miyezi itatu iliyonse kampani imalengeza phindu lake, ndipo akatswiri a pa msika wa masheya amakhala ataneneratu chiwerengero chimene akuyembekeza. Phindu likaperewera, ngakhale pang'ono pokha, mtengo wa masheya umagwa tsiku lomwelo.

Mu 2000 malonda a matelefoni analowa pansi, ndipo maboma anakaniza WorldCom kugula kampani ina yotchedwa Sprint. Ebbers anali ndi vuto lakelake. Iye anali atakongola ndalama zambiri ku mabanki, nagulira nkhalango za mitengo ndi munda waukulu wa ng'ombe ku Canada, ndipo chikole chake chinali masheya a WorldCom omwewo. Motero kugwa kwa mtengo kunali kugwa kwa iye mwini. Munthu wotere sangathe kumva uthenga woipa mofatsa.

Pano musafulumire, chifukwa ana asokonezeka mukapanda chitsanzo. Jambulani chigayo pa bolodi. Mwini chigayo akagula dizilo, ndalamayo yapita. Aichotse yonse pa zimene wapeza mwezi umenewo. Koma akagula chigayo chatsopano, mtengo wake amaugawa pa zaka zambiri, popeza chigayocho chidzagwira ntchito zaka zonsezo. Tsono bwanji atalemba m'buku kuti ndalama ya dizilo anagulira chigayo? Mwezi umenewo phindu lioneka lalikulu, chonsecho m'thumba mulibe kanthu, ndipo chigayo chatsopanocho palibe amene angachiloze.

WorldCom inachita chomwecho. Dizilo wake anali ndalama zimene inkalipira makampani ena pogwiritsa ntchito mawaya ao. Poyamba, mu 2000, akuluakulu anatapa m'nkhokwe, ndiye kuti m'ndalama zimene zinapatulidwa m'mabuku kuti zidzalipire ngongole za m'tsogolo, nazionetsa ngati phindu. Nkhokwe itatha, kuyambira mu 2001 anayamba kulemba malipiro a mawaya aja ngati katundu wokhalitsa wa kampani.

Amene ankalowetsa manambalawo mu kompyuta sanali Ebbers. Mmodzi mwa iwo anali mayi Betty Vinson, akauntanti wodziwa ntchito yake. Anadziwa kuti n'kulakwa, ndipo anaganiza zosiya ntchito. Koma Scott Sullivan, mkulu wa za chuma, anawalimbitsa mtima iye ndi anzake kuti zimenezi n'za kanthawi chabe, zinthu zikongoka. Mayiyo anali ndi banja lodalira malipiro ake, choncho anakhala. Miyezi itatu itapita anauzidwa kuteronso, ndipo anapitiriza mpaka 2002. Sikukanatheka kuti bodzalo likhale la kamodzi, pakuti phindu lonama la lero ndilo linasanduka muyeso umene msika unayezera phindu la mawa, ndipo dzenje lofunika kukwirira linkakulirakulira.

Amene anaulula anali mayi winanso wa m'kampani momwemo, Cynthia Cooper, mkulu wa ofufuza mabuku. Iye ndi anzake ochepa ankafufuza usiku, mabwana osadziwa. Pa 25 June 2002 kampani inavomera kuti madola 3.8 biliyoni analembedwa monama. Pambuyo pake chiwerengerocho chinafika pafupifupi 11 biliyoni. Antchito 17,000 anauzidwa kuti ntchito yatha, ndipo mu July kampaniyo inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake. Sheya imene mu 1999 inali madola oposa 60 sinakwanenso dola imodzi, ndipo okalamba ambiri anataya ndalama za penshoni. Mu 2005 Ebbers analamulidwa kukhala m'ndende zaka 25, Sullivan zaka 5, Vinson miyezi 5. Ebbers anatulutsidwa mu 2019 chifukwa cha matenda, namwalira mu 2020.

Pali chinthu chimodzi chotikhudza ife aphunzitsi, chimene sindifuna kuchibisa. Ebbers ankaphunzitsa Sande Sukulu mu mpingo wake wa Baptist ku Brookhaven. Achinyamata ena akamva ichi adzaseka, ndipo mwina wina adzati anthu opemphera ndiwo oipitsitsa. Musamkalipire, musatetezenso Ebbers. Mtima wake sitiuweruza ife. Chimene bwalo la milandu linaweruza ndi mabuku. Mungofunsa kalasi ngati amalonda a m'masiku a Amosi sanali osunga Sabata nawonso.

Ine ndiona kuti nthawi yambiri ya phunziroli muithere pa amayi awiri aja, osati pa Ebbers. Mwa ana amene akhala pa benchi patsogolo panu, ochepa adzatsogolera makampani, koma ambiri adzakhala makalaliki, osunga chuma, ogulitsa m'sitolo ndi olemba malisiti, ndipo bwana wina adzawauza kuti, lembani motere mwezi uno wokha. Gawani kalasi pawiri. Gulu loyamba linene zonse zimene Betty Vinson akanataya pokana tsiku loyamba lija, osachepetsa kanthu, pakuti zinali zenizeni. Gulu lachiwiri linene zimene anataya povomera. Zilembeni pa bolodi moyang'anizana, ndipo mufunse kuti ndi tsiku liti pa miyezi yonseyo limene kukana kukanakhala kopepuka koposa.