Woimba pa ukwati amalipidwa liti? Makalata a ku Kaunda Square pa wailesi

Pulogalamu ya makalata pa wailesi ina ya mu Lusaka sabata ino inaitana mkulu wina amene wakhala akuliza gitala ya besi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene kalindula wa Amayenge ndi P.K. Chishala ankagwedeza mzinda. Makalata ambiri, amene masiku ano amabwera pa WhatsApp, anachokera ku Kaunda Square, komboni ya kum'mawa kwa mzinda pafupi ndi Munali. Kumeneko Loweruka la m'chilimwe silidutsa popanda hutala za galimoto za ukwati.

Woyamba kuwerengedwa anali mnyamata wa ku Stage 1 woliza kiyibodi. Iye ndi anzake anauzidwa kufika pa holo 12 koloko masana, akwati analowa dzuwa litapendeka, ndipo gulu linaimba mpaka mlonda atayamba kuzimitsa magetsi. Pofuna ndalama yotsala, anapeza kuti tcheyamani wa komiti ya ukwatiwo wapita kale, foni ili yotseka. Mwini Canter imene inanyamula zida anali pa geti kudikira zake. "Atate, ndichite chiyani?" inatero kalatayo.

Mkuluyo anayamba ndi funso lake: munalemberana? Anayankha yekha kuti ayi, chifukwa amene anakupezerani ntchitoyo ndi msuweni wa mkwati ndipo munachita manyazi. Anafotokoza kuti pa bajeti ya komiti, holo, chakudya, keke ndi zokongoletsa zimalipiridwa tsiku lisanafike, pakuti eni ake sasuntha asanaone ndalama. Oimba okha ndiwo amavomera mawu akuti "tidzaonana pambuyo pa mphatso", ndiye mphatso zikachepa iwo ndiwo amasenza ngongole ya ukwati wa eni. Langizo lake linali losavuta kumva: theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena MTN tsiku logwirizana, lotsala liperekedwe zida zisanatsitsidwe m'galimoto. Papepala palembedwe ola loyambira ndi lomalizira, mtengo wa ola lililonse lowonjezera, amene alipire galimoto, ndi dzina la munthu mmodzi wa m'komiti woyankha za oimba. "Mwana wanga, komiti imatha Loweruka usiku. Lolemba sungaipeze. Munthu mmodzi wokhala ndi dzina ndi nyumba ndiye ungamupeze."

Za ndalama yatayika kaleyo, anati mnyamatayo asafufute mauthenga a pa foni. Mu Lusaka muli Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya, ndipo uthenga wosonyeza mtengo umene anagwirizana ndi umboni. Anawonjezera kuti nthawi zambiri nkhani sifika kumeneko: kalata yaulemu yopita kwa makolo a mkwati imagwira ntchito, poti palibe banja lofuna kuti mpingo umve kuti linavinira ngongole.

Kenaka kunabwera kalata yotentha ya amayi ena a ku Stage 2, amene akhala msungichuma m'makomiti angapo. Iwo anati oimba amadzikweza. DJ amabwera yekha ndi laputopu, ali ndi nyimbo zonse, sachedwa, sadya mbale zisanu ndi ziwiri, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Nanga gulu la oimba n'lachiyani?

Apa mkuluyo sanakwiye, ndipo anavomera zambiri. Anati: "Amai, pa layinapu tengani DJ." Operekeza akwati amakhala milungu akuphunzira masitepe kwa matroni ndi nyimbo yojambulidwa, ndipo gulu likasintha liwiro pang'ono chabe, mzere wonse umasokonekera, manyazi n'kugwera oimba. Koma anawapempha kuti awerengere ndalama imene amaiona ngati yambiriyo. Igawidwe kwa anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri. Muchotsemo galimoto yopita ndi yobwera usiku, lendi ya masipika ndi mikisa popeza magulu ambiri a m'komboni alibe zawozawo, malo ophunzirira nyimbo, ndi nsambo za gitala zimene zimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Chimene chimatsala m'thumba la woliza ng'oma sichifika patali. Ndiponso ukwati wa mu Lusaka ndi wa mitundu yosakanizika: mkwati Mtonga, mkwatibwi Mnsenga, azakhali a ku Kasama, anzawo a ku ntchito ofuna rumba. Gulu labwino limaona kuti agogo a ku Mongu akhala chete kuyambira masana, n'kuwaponyera nyimbo ya Chilozi mpaka aimirire. Luso limenelo ndilo likugulidwa.

Kunena zoona, yankho limeneli linasiya mbali ina. Alipo magulu amene amafika mochedwa, ena atalawa kale, n'kumayesa zokuzira mawu alendo atakhala pansi. Amayi aja sanalembe zopeka.

Nkhani ya magetsi inatenga nthawi yaitali, ndipo m'pomveka. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atatsika m'damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku mu March, ndipo pofika September makomboni ambiri ankaona malaiti maola atatu okha kapena osawaona n'komwe. Mlembi wina wa ku Kalingalinga anati chaka chimenecho anawotcha mikisa yobwereka pa phwando, ndipo mpaka lero akubweza.

Mkuluyo anafotokoza mmene zimachitikira. Jenereta yaing'ono ya petulo imakhala ikukokedwa kale ndi firiji ya zakumwa ndi ketulo yaikulu ya tiyi. Firiji ikayaka kapena kuzima, mphamvu imatsika n'kukwera mwadzidzidzi, ndipo choyamba kupsa ndi ampulifaya kapena mikisa. Choncho oimba akhale ndi chingwe chawochawo chochokera ku jenereta, osagawana ndi kukhitchini, ndipo pakati pakhale sitabilaiza. Poyatsa, ayambe mikisa, ampulifaya pomaliza. Pozimitsa, ampulifaya poyamba. Mafuta akatsala pang'ono kutha jenereta imayamba kutsokomola, ndipo imeneyo ndi nthawi yozula mapulagi, osati yomalizitsa nyimbo. Anachenjezanso za mvula yoyamba ya mu November pa maukwati a m'matenti: waya wogona m'madzi ndi maikolofoni yachitsulo pamlomo zapweteka anthu. Ndipo funso lakuti mafuta agula ndani lilembedwe pa pepala lomwe lija.

Kalata imene inasangalatsa muulutsi inali ya amayi oliza ng'oma pa kitcheni pate ndi pa chilanga mulilo, ochokera ku Mtendere. Iwo safuna magetsi, koma mavuto awo ndi ena. Amayenda ndi ng'oma m'minibasi, kondakitala n'kulipiritsa mpando wa ng'omayo. Amawamba zikopa pamoto, amaimba mpaka mawu kusasa, manja kutupa. Tsono ndalama zimene alendo amaponya povina, matroni amati n'zake, a komiti amati n'za mkwatibwi. Mkuluyo anawatchula "amai anga" ndipo anati mwa oimba onse a mu Lusaka, iwowa ndiwo DJ walephera kuwachotsa, chifukwa mwambo wa alangizi suyenda popanda ng'oma yamoyo yotsata chiuno cha wovina. Anawalangiza kuti mbale ya oliza ng'oma ikhale yosiyana ndi ya mkwatibwi, ndipo zimenezi zinenedwe poyera mwambo usanayambe. Zoponyedwa zikhale zowonjezera pa mtengo, osati mtengo weniweniwo.

Funso la malume woledzera amene amalanda maikolofoni analiyankha mwachidule: ndi ntchito ya MC, ndipo woliza mikisa ali ndi batani lotsitsira mawu.

Mtsikana wina woimba wa ku Chawama anadandaula kuti makutu amalira usiku wonse akachoka ku ntchito. Pamenepa mawu a mkuluyo analemera, pakuti iye mwini khutu lakumanzere, limene linkayang'ana ng'oma zaka zonsezo, silimvanso bwino. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linati phokoso la madesibelo 100 munthu asakhalemo kupitirira mphindi pafupifupi 15 patsiku, pamene woimba amaima pafupi ndi sipika maola ambiri. Kulira kwa makutuko ndi chenjezo, ndipo kumva kukatayika mwa njira imeneyi sikubwerera. Anamuuza kuti agule zotsekera m'makutu, asaime kutsogolo kwa sipika, ndipo apite ku chipatala akamuyeze.

Chakumapeto muulutsi anafunsa ngati kale zinthu zinali bwino. Mkuluyo anaseka. Anakumbutsa kuti m'zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo magulu ngati WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anatchuka. Koma mtengo wa kopa utagwa, ndiponso ndege za Rhodesia zitaponya mabomba pafupi ndi Lusaka mu 1978, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo madansi anasanduka a masana. Jagari Chanda wa WITCH anafika pokakumba miyala yamtengo wapatali kuti adyetse banja, gululo lisanadzukenso n'kutulutsa chimbale cha Zango mu 2023. Mu January 2018 kolera inaletsa misonkhano, ku Kanyama anthu n'kumatsekeredwa m'nyumba kuyambira 18 koloko. Mu March 2020 Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti pa ukwati pasapitirire anthu 50, mabala n'kutsekedwa. Nthawi zonsezi woimba ndiye ankayamba kukhala pansi. N'chifukwa chake analimbikitsa achinyamata kulowa Zambia Association of Musicians, ndipo opeka nyimbo zawo akalembetse ku ZAMCOPS, imene imatolera ndalama nyimbo zikaseweredwa poyera.

Nthawi inatha makalata ena asanawerengedwe. Muulutsi anati sabata yamawa adzayamba ndi madandaulo a eni maholo, ndipo anapempha matcheyamani a makomiti a ku Kaunda Square, amene palibe ndi mmodzi yemwe analemba, kuti nawonso atumize mbali yawo.