Za Kapinga ndi Khovani m'Munda

Inu mafumu ndi alimi, tamverani. Kapinga ndi khovani ndiwo maudzu oyanga pansi, amene alanda cimanga cakudya ndi cinyontho. Mukawadula ndi khasu ndi kuwakwirira m'mizere, mwawabzala, pakuti mfundo iri yonse imera mizu yace. Cifukwa cace muwazule ndi mizu yomwe, muwaunjike pamwala kufikira ataumitsitsa, ndipo mutenthe mulu wokhawo.

Koma popalira penyani bwino. Luni ndi denje musazule, pakuti ndizo ndiwo za ana anu m'miyezi ya njala. Ndiponso musatenthe thengo: moto upha misuku yaing'ono, koma mizu ya kapinga itsala yamoyo pansi.

Mfumu iziyendera minda yonse, pakuti munda umodzi wolekerera upatsira udzu minda ya anansi.